Za Ana Amene Atate Ao Ali ku Joni

Atate ndi amai, ndi inu akatekisiti, ife amene tiphunzitsa m'sukulu za m'midzi ya kuno ku Champhira tapemphedwa kunena za ana pa cikondwerero cino, ndipo tidzanena zimene tiziona ndi maso athu.

Pamene misyoni ya Katete inakhazikika m'caka ca 1938, amuna a dziko lino la Mzimba anali ataizolowera kale njira ya ku Harare ndi ya ku Johannesburg, kumene timati ku Joni. Wenela analetsedwa kulemba anthu m'caka ca 1974, ndege itagwa ku Francistown, ndipo Teba analekanso m'caka ca 1988. Koma njirayo siinamere udzu. Kufikira lero anyamata akwera basi pa Jenda, nasiya mkazi ndi khanda.

Sitiwadzudzula ai, pakuti ndalama zao zamanga nyumba za malata ndi kuphunzitsa ana ku sekondale. Koma imvani ici. Tinafunsa mnyamata wina wa Sitandade 5, wobvala nsapato zokongola zocokera kwa atate ace, kuti, Kodi atate ako akaimba foni amati ciani kwa iwe? Iye anazolika, nati, Amafunsa amai za ng'ombe ndi feteleza, kenaka mayunitsi amatha. Zaka zinai mwanayo sanamve atate ace akumchula dzina.

Makolo athu Angoni anali ndi sangweni, pa cipata ca khola, pamene anyamata ankadya ndi akulu madzulo. Tisanene kuti zonse zinali zokoma kumeneko, popeza ndodo inali pafupi. Koma tate anadziwa mwana wamantha ndi mwana wabodza, cifukwa anakhala naye pamoto usiku ndi usiku. Ndipo ifenso aphunzitsi, amene tigona kwathu, mlanduwu watigwira: tibwera madzulo titatopa ndi ana a eni, ndipo wathu-wathu akayamba kutiuza za mbuzi yotayika, timyankha maso ali pa foni.

Cifukwa cace tikupemphani akatekisiti, poyendera midzi, muuze amai kuti atate akaimba azipatsira foni mwana ali yense, ngakhale kanthawi kocepa. Ndi atatewo asayambe ndi funso la mayeso, koma amleke mwana anene zace. Tinayesa ici ndi banja la mnyamata uja. Tsiku loyamba sananene kanthu, anangogwira foniyo ndi manja awiri, napumiramo. Pa Lamulungu lacitatu anauza atate ace kuti ng'ombe yakuda ija yabala thole, ndi kuti analiona ndiye, m'mamawa, ena onse ali m'tulo.