Nkhokwe Ikadzaza, Mlimi Amamanga Ina

Nkhokwe ikadzaza mlimi sataya chimanga. Amamanga ina pambali. N'chimodzimodzinso ndi kompyuta yakale ya patebulo.

Mu ofesi ya ku Sunnyside kapena m'sitolo ya ku Limbe mungapezekebe makina opangidwa chisanafike chaka cha 2003, pamene madisiki a SATA anayamba kufala. Makina otere amangolandira disiki ya IDE. Komabe mkati mwake muli kampata koyera kotchedwa PCI. Mmisiri akalowetsamo khadi la SATA, disiki yatsopano imalumikizika.

Asanatsegule bokosi, mmisiriyo akopere kwina makalata ndi kaundula wa ngongole, azule chingwe cha magetsi, ndipo akhudze chitsulo cha bokosilo, pakuti magetsi a m'thupi amawononga khadi. Khadi likawonongeka amagula lina, koma kaundula wotayika sagulitsidwa m'sitolo.