Chipere cha nandolo: zomwe ndinayankhula ku kalabu yathu

Lero sindinabwere ndi makondomu kapena zithunzi za matenda ayi. Ndabwera ndi nkhani ya mphika. Anyamata musaseke, inunso ikukukhudzani.

Anthu a kumtunda amati kuno ku Chigwa kulibe chisanu. Abwere adzagone ku Bangula kapena ku Ngabu mwezi wa June, mphepo ikamawomba kuchokera ku Shire m'bandakucha. Nthawi imeneyi ndi yomwe azakhali anga, amene ali ndi kachilombo ka HIV, anayamba kukana chakudya. M'kamwa munali zilonda, nsima ya mapira imawapweteka pomeza. Mankhwala amamwa ndithu, koma thupi limangotsika. Kuchipatala anawapatsa mankhwala a zilondazo n'kutiuza kuti tiziwaphikira zofewa, zamadzimadzi, koma zopatsa thanzi. Ine ndinasankha chipere, chifukwa nandolo tinali naye wotsala chaka chatha.

Kaphikidwe kake ndi aka. Tengani makapu awiri a nandolo wouma, musankhe wofumbwa ndi timiyala. Mukazinge pang'ono m'phale, osapsereza, kenaka mupere pamphero mopepuka kuti angosweka pawiri. Mupete makoko achoke. Apa musachite ulesi, chifukwa makokowo ndi amene amatupitsa m'mimba mwa wodwala. Ngati nandolo palibe, khobwe amachitanso bwino.

Mumphika wina yambani mwawiritsa nyama. Sikuti mukagule kilo yathunthu, ndalama zake zili kuti? Mafupa okhala ndi timinofu akwana, makamaka a nkhumba yowamba, chifukwa kafungo ka utsi kaja kamadzutsa mudyo. Amene simudya nkhumba, mafupa a mbuzi alipo, enanso amaika mlamba wowamba wa ku Elephant Marsh, bola muchotse minga yonse. Nyamayo ipse mpaka izichoka yokha pafupa. Yosapsetsa ndi yoopsa kwa munthu amene chitetezo chake chatsika.

Tsopano thirani nandolo uja mumsuzi wa nyamawo, muonjezere madzi makapu asanu ndi limodzi, moto ukhale wapansipansi kwa ola limodzi kapena kupitirirako. Muzitakasa, chipere sichichedwa kupserera pansi. Chikafewa mutikite ndi mthiko, muike anyezi, tomato, mchere pang'ono ndi supuni ziwiri za mafuta. Ine ndimadulirako mbatata kuti chikhale chokhutitsa, ndipo chikatsala pang'ono kupsa ndimaponyamo masamba a sangowa, amene ena amati chamwamba. Soda ayi, amaononga mavitamini. Tsabolanso ayi ngati m'kamwa muli zilonda. Mukawerenga bwino, mwa magulu 6 a zakudya aja timaphunzira, asanu alowa mumphika umodzi. Chatsala ndi chipatso basi.

Koma ndinene chimene chinandiwawa. Tsiku loyamba nditapakula, wina pakhomo anatenga mbale ndi supuni ya azakhali n'kuziika padera, ati zisasakanikirane ndi zathu. Azakhali anaona, ndipo anangoti, "Mwanawe, ndakhuta." Sanalaweko n'komwe. Mawa lake ndinakhala nawo pamphasa, mbale imodzi, supuni ziwiri. Anamaliza. Anzanga, kachilombo sikafala podyera pamodzi, tonse pano timadziwa, koma kunyumba timakhala chete ena akamasala.

Wina asachoke pano n'kumakauza anthu kuti chipere kapena sangowa zimachiza Edzi. Sizichiza. Ma ARV anayamba kuperekedwa mwaulere m'zipatala za boma mu 2004, ndipo kuyambira 2016 aliyense wopezeka ndi kachilombo amayamba mankhwala osadikira kuti adwale kaye. Chakudya chimangothandiza thupi, m'bulu uja ndi wa tsiku ndi tsiku, kudya kapena kusadya.

Loweruka likubwerali tidzaphika pano. Atsikana mubweretse nandolo kapu imodzi imodzi, anyamata nkhuni, ndipo kupera pamphero kudzakhala kwa inu anyamata.