Tisunge Ndalama, Tisungenso Moyo

Amayi anzanga, ndalama zomwe timasonkha chaka chonse zikhoza kuthera kuchipatala chifukwa cha mchere. Mchere ukachuluka umakweza BP, ndipo BP imabweretsa sitiroko, matenda a mtima ndi a impso. Mayi akagona, geni imagwa, ngongole ya pagulu n'kutsala.

Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asafike magalamu 5 a mchere patsiku, pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Tiziwerengeranso wobisika m'timakyubu tokometsera ndiwo, m'masoseji ndi m'nsomba zamchere.

Tiyeni tichepetse pang'onopang'ono, lilime lizolowera. Anyezi, adyo, tomato, mandimu ndi nsinjiro zimakometsa ndiwo bwinobwino. Mchere usafike pamphasa podyera. Ndipo tsiku losonkha, tizifunsana: mwayezetsa BP mwezi uno?