Mpando Mwaulandira, Nanga Antchito Mukhala Nawo Bwanji?

Mawu kwa atsogoleri ndi mamanijala atsopano a magulu a alimi ku Lizulu



Lero sitikamba za mtengo wa feteleza, ngakhale tikudziwa kuti ndi umene ukutisowetsa tulo tonsefe. Tikufuna tiyankhule ndi inu amene mwangolandira kumene maudindo. Ena mwasankhidwa kukhala apampando, alembi ndi asungichuma a makalabu ndi makoparetivi. Ena gulu lakulembani ntchito ya umanijala. Dzulodzuloli mumalima limodzi ndi anthu amene lero akudikira kuti muwauze chochita. Mlonda wa nyumba yosungiramo mbewu mwina ndi malume anu. Kalaliki wa pa sikelo mudaphunzira naye sukulu imodzi. Mamembala nanunso mvetserani, chifukwa ndinu mudawaika pa mipandoyi ndipo zotsatira zake zidzagwera m'matumba mwanu.

Tiyambe ndi malo amene tili. Kuno ku Lizulu msika uli pa msewu waukulu wa M1, ndipo kungowoloka msewuwo mwaponda Mozambique. Malole a ku Lilongwe ndi ku Blantyre amaima pompano kufuna kachewere, kabichi, tomato, anyezi ndi nyemba. Mavenda amayenda ndi ndalama m'manja. Membala wathu akakhumudwa ndi gulu savutika kulemba kalata yodandaula ayi, amangosenza thumba lake n'kupita kumsewu. Chimene chimamusunga m'gulu ndi chikhulupiriro chakuti sikelo yathu siba, risiti yathu sinama ndipo mbewu zake zikagona m'nyumba ya gulu adzazipeza. Tsono taonani: membalayo sakumana ndi wapampando tsiku ndi tsiku. Amakumana ndi kalaliki, mlonda ndi anyamata onyamula matumba. Chikhulupiriro chonse cha gulu chili m'manja mwa anthu amene amalandira malipiro ochepetsetsa. Mmene inu mukhalire nawo, ndi mmenenso iwo adzakhalire ndi mamembala.

Agogo athu kuno adaphunzira za utsogoleri wa chikwapu m'njira yowawa. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1940 ndi m'zaka za m'ma 1950, boma la atsamunda lidalimbikira malamulo a malimidwe. Anthu ankakakamizidwa kuunga mizere yopingasa pa mtsetse, kukumba migula, kubzala ndi kuzula mapesi pa masiku oikika. Wolephera ankalipitsidwa, ena ankatsekeredwa. Kunena zoona, mbali ina ya malangizowo idali yabwino. Mizere yopingasa imagwiradi madzi ndi nthaka, ndipo lero alangizi akatiuza za akalozera ndi udzu wa vetiva timavomera. Koma nthawi imeneyo palibe adakhala pansi kufunsa mlimi kuti munda wake akuudziwa bwanji, kapena kuti mphamvu zokumbira migula azitenga kuti. Mawu akuti malimidwe adasanduka dzina la nkhanza.

M'chaka cha 1953, pokana chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, Inkosi Philip Gomani II, amene likulu lawo lidali konkuno ku Lizulu, adauza anthu awo kuti aleke kutsata malamulo a malimidwewo. Boma lidawachotsa pa mpando. Apolisi atabwera kudzawagwira, iwo adawolokera ku Mozambique pamodzi ndi mbusa Michael Scott, koma Apwitikizi adawabweza. Adamwalira mu 1954 ku chipatala cha Malamulo ku Thyolo. Nkhaniyi ndi yaikulu kuposa ulimi, ndipo sitikuichepetsa. Koma dzifunseni: n'chifukwa chiyani njira yokanira boma idadzera pa mizere ya m'munda? N'chifukwa ndi pamene mitima ya anthu idali itatupa kale. Ankamvera kapitawo akaima pa mutu, akangotembenuka ntchito idathera pomwepo. Manijala wolamulira ndi ukali amakolola zomwezo. Antchito amamuopa akakhalapo, akachoka sikelo imatsala yokha.

Tsono kudzudzula wantchito kuyende bwanji? Pakuti kudzudzula sikuthawika. Amene akuopa kukonza cholakwa chifukwa wolakwayo ndi mlamu wake, abweze mpando lero lomwe, asanatipweteketse.

Ife tomwe tidalakwapo pa nkhani imeneyi, ndipo tikuuzani kuti musabwereze. Chaka china, pa gulu lina limene tinkalitsogolera, tidayeza nyemba zimene tidagula kwa mamembala ndipo tidapeza kuti makilogalamu akuperewera poyerekeza ndi m'buku. Mtima udakwera. Tidamuitana kalaliki pa msonkhano, pamaso pa anthu onse, n'kumufunsa kuti nyemba zapita kuti. Mnyamatayo adangozyolika. Patapita masiku mayi wina wa mu komiti adatikumbutsa kuti ndife tomwe tidalamula kuti kugula kuyambe msanga pofuna kuwapitirira mavenda. Nyembazo zidalowa zisadaumitsitse, zidaumira m'nyumba, kulemera kwake n'kutsika. Kalaliki uja ankadziwa zimenezi kuyambira tsiku loyamba, koma sitidamufunsepo, ndipo iye adaona kuti si malo ake kutsutsa akuluakulu. Tidakapepesa kwawo, koma dzina la wakuba lidali litamveka kale mudzi wonse. Adasiya ntchito, adayamba kugulira venda wina, ndipo mamembala angapo amene ankakhulupirira dzanja lake pa sikelo adamutsatira.

Kuchokera pamenepo tidaphunzira kuti kufunsa kumayamba, chigamulo chimabwera pambuyo. Muitanireni munthu pambali, kuseri kwa ofesi kapena pansi pa mtengo, pamene palibe makutu ena. Musadikire mwezi kuti zolakwa ziunjikane kenako n'kumukhuthulira zonse tsiku limodzi. Nkhani ya Lolemba ithe Lolemba kapena Lachiwiri. Ndipo tchulani chimene chachitika, osati chimene mukuganiza kuti munthuyo ali. Mukati, "Iwe ndiwe waulesi," mwamutsekera khomo, chifukwa ulesi alibe pougwira kuti aukonze, ndipo adzangokumbukira chipongwecho. Koma mukati, "A Ngozo, dzulo mamembala anafika m'mamawa koma sikelo inatsegulidwa dzuwa litakwera, moti atatu anabwerera n'kukagulitsa kumsewu. Chinachitika n'chiyani?" pamenepo mwamupatsa chinthu choti ayankhe. Mwina mwana adadwala usiku. Mwina makiyi adagona kwa msungichuma. Mwinanso alibe chifukwa chilichonse, ndipo adzachita manyazi yekha osamukalipira. Mukamva, gwirizanani chimene chisinthe ndi tsiku limene mudzaonanenso. Tsikulo likafika, pitanidi. Atsogoleri ambiri amagwa apa: amadzudzula bwino koma sabwererako, ndipo wantchito amazindikira kuti adali mawu chabe.

Za ulemu tisachite kukumbutsana kwambiri, ndife a ku Ntcheu. Mlonda amene ali msinkhu wa bambo anu ndi "bambo" ndithu, ngakhale inu muli ndi satifiketi ndipo iwo alibe. Mayi wosankha mbewu ndi "a Nangozo" kapena "a Naphiri," osati "iwe."

Mbali yovuta ndi iyi: nanunso muyenera kudzudzulidwa. Akuluakulu adati wakutsina khutu ndi mnansi, koma wantchito sangatsine khutu la munthu amene amasaina malipiro ake pokhapokha atatsimikiza kuti sadzafera mawu akewo. Kungonena kuti "khomo langa ndi lotsegula" sikukwanira, palibe adzalowe. Pitani inuyo kumene ali. Khalani pa thumba pafupi ndi mlonda madzulo mumufunse kuti ndi chiyani chikumuvuta pa ntchito. Mudzamva za loko wothyoka, za tochi yopanda mabatire, za denga lodontha pakona pamene pali mbewu, zinthu zimene sizifika mu lipoti la pa msonkhano. Ndipo munthu woyamba kukuuzani chinthu chowawa, anzake onse amakhala akuyang'ana kuti mumuchita chiyani. Mukamukwiyira, mwatseka pakamwa pa onse mpaka nthawi yanu idzathe. Mukakonza lokoyo sabata yomweyo, mawa adzakuuzani chachikulu.

Pali vuto lina limene timalipeza pafupifupi m'gulu lililonse lomwe langolemba manijala. Wapampando amapita kwa kalaliki n'kumuuza kuti ayambe kugula. Manijala akubwera akuti asagule, ndalama sizinafike. Msungichuma naye akufuna buku. Mapanga awiri avumbwitsa, ndipo amene amavumbwa ndi kalaliki. Mu koparetivi eni ake ndi mamembala, aliyense voti imodzi, kaya ali ndi maekala khumi kaya theka. Mamembala amasankha komiti, komiti imaika mfundo ndi kulemba manijala, manijala ndiye amayang'anira antchito tsiku ndi tsiku. A wapampando, mukaona cholakwika pa sikelo, kambani ndi manijala. A manijala, musabise mabuku kwa komiti poganiza kuti anthu osapita patali ndi sukulu sangamve. Ndalamazo ndi zawo.

Dziwaninso kuti gulu likangolemba munthu ntchito, lamulo la dziko limaliona ngati bwana wina aliyense. Lamulo la zantchito la chaka cha 2000 limati munthu asachotsedwe popanda chifukwa chomveka, ndipo ngati nkhani ndi ya khalidwe lake kapena kagwiridwe kake ka ntchito, ayambe wapatsidwa mpata wodziteteza. Limatchula njira zolangira monga kalata ya chenjezo, kuimitsa kaye ndi kutsitsa pa udindo. Limati maola a ntchito a masiku onse asapitirire 48 pa sabata, ndipo wogwira masiku 6 pa sabata ali ndi tchuthi cha masiku 18 pa chaka, wa masiku 5 ali ndi masiku 15. Mukathamangitsa munthu ndi mkwiyo wa tsiku limodzi, akhoza kukadandaula ku ofesi ya zantchito, nkhani n'kukafika ku khoti loona milandu ya apantchito, ndipo chipukuta misozi chidzachokera m'thumba la mamembala, osati lanu. Choncho aliyense amene mwamulemba akhale ndi kalata yonena ntchito yake, malipiro ake ndi amene azimuyang'anira. Chenjezo lililonse lilembedwe, tsiku lake lioneke.

Tifike pa kuyamikira. Tikatchula zimenezi ena amaseka, amati, "Munthu akulipidwa, timuthokozenso chiyani?" Ena amaganiza kuti kuyamikira ndi phwando la kumapeto kwa chaka, mbuzi ndi mathokozo a pa chinkuzamawu. Ife tikuti kuthokoza koyamba ndi malipiro pa tsiku lake. Tawaona magulu amene komiti imalandira alawansi ya msonkhano pomwepo, chikhalirecho mlonda watha miyezi iwiri osaona kanthu, kenako n'kumadabwa kuti matumba akubooka pansi. Ndalama zikachepa, woyamba kulipidwa akhale wa malipiro ochepa, wotsiriza akhale inu. Anyamata aganyu okweza matumba mu lole alipidwe lole isadanyamuke, monga mudapanganirana.

Pamwamba pa malipiro pali mawu, ndipo mawu sagula. Koma akhale mawu oona. "Mukugwira bwino ntchito nonse" sapita patali, chifukwa wolimbikira ndi wozemba alandira mofanana. Nenani chimene munthu wachita. Pa msonkhano wa mamembala imani munene kuti, "Usiku wa mvula ija a Phiri adasuntha okha matumba onse a pakona yodontha, n'chifukwa chake lero tilibe nyemba zowola." Kudzudzula kuseri, kuyamikira pagulu. Ife nthawi ija tidachita motembenuza. Ndipo samalani kuti kuyamikirako kusamagwere anthu omwewomwewo, abale anu kapena odziwa kuyankhula. Amayi amene amapeta ndi kusankha mbewu tsiku lonse, fumbi lili m'maso, ndi amene amachititsa kuti wogula avomere katundu wathu pa mtengo wabwino, koma kawirikawiri palibe amawatchula. Mpata wa maphunziro ukabwera kuchokera kwa alangizi kapena mabungwe, asamapite wapampando yekha chaka ndi chaka. Tumizani kalaliki akaphunzire kasungidwe ka mabuku. Kumeneko ndi kuthokoza kumene munthu amakhala nako moyo wake wonse, ndipo phindu lake limabwerera ku gulu.

Kwa boma ndi mabungwe amene amatithandiza tili ndi pempho. Mumatiphunzitsa kabzalidwe, kathiridwe ka mankhwala a chiwawu ndi kalembedwe ka malamulo a gulu, ndipo tikuthokoza. Koma munthu amasankhidwa Loweruka, Lolemba ali kale ndi antchito m'manja, popanda womuuzapo mmene angakhalire nawo. Maphunziro a atsogoleri atsopano azibwera chisankho chikangotha, osati gulu litagawanika kale.

Inu mamembala, pa msonkhano wotsatira musangofunsa kuti m'thumba mwatsala zingati. Funsaninso ngati mlonda adalandira malipiro a mwezi watha, ndiponso ngati kalaliki ali ndi kalata ya ntchito. Ndipo inu a manijala ndi apampando, sabata ino isanathe aliyense akhale pansi ndi wantchito mmodzimmodzi, payekha, amufunse chimene chikumulepheretsa kugwira bwino ntchito, alembe yankho lake m'kope. Makopewo mubwere nawo tikadzakumananso, tidzawerengere limodzi.