Abambo Akafooka Kuchipinda, Ayambe Ayezetsa Magazi

Amayi anzanga, m'sewero tamvera lija, bambo uja atayamba kufooka kuchipinda anathamangira kumsika wa Limbuli kukagula jakisoni wa "mphamvu", pomwe mkazi wake ankafuna mwana wachiwiri. Ambiri munaseka, koma zimenezi zili m'makomo mwathu.

Jakisoni wotere amatha kukhala ndi testosterone, mahomoni amene machende amapanga kuti bambo akhale ndi chilakolako. Bambo akamabayitsa, thupi limaona ngati akwanira, machende amachepetsa ntchito, ndipo mbewu ya abambo imachepa kapena kusoweratu. Mwana wofunidwa uja sabwera.

N'chifukwa chake adokotala sapereka mankhwalawa asanayeze magazi. Magaziwo amatenga m'mawa, isanakwane 10 koloko, munthu asanadye, chifukwa m'mawa ndi pamene mahomoniwa amachuluka. Akapezeka ochepa, amayezanso tsiku lina. Kuyeza kamodzi sikukwanira ayi, poti ngakhale malungo amatha kuwatsitsa kwa kanthawi.

Kawirikawiri vuto limakhala lina: shuga, BP, kachasu, nkhawa, kapena kutopa kwa munthu wothyola tiyi tsiku lonse. Shuga ndi BP amayeza ku Mulanje Mission ndi kuchipatala cha pa Boma. Zikafunika, adokotala amatumiza ku Queen Elizabeth ku Blantyre.

Abambo amachita manyazi ndi nkhaniyi, musawalengeze pachitsime. Dikirani ana agone, muwauze mofatsa kuti mupitira limodzi kuchipatala. Ngati anagula kale mankhwala, nyamulani botololo adokotala akalione.