Magetsi Otsala Masana Asamangotayika

 Kuno ku Nambuma mapanelo a sola achuluka tsopano, ena pamalata, ena mumangowatsamiritsa kukhoma m'mawa n'kuwalowetsa madzulo. Nkhani yanga lero ndi ya magetsi amene mapanelowo amapanga koma eni ake osawagwiritsa ntchito.

Tiwerengere limodzi. Panelo ya mawati 100, dzuwa likawomba bwino ngati la mu Okutobala, imapanga mphamvu yoyatsa babu limodzi la mawati 5 kwa maola pafupifupi 80. Inu muli ndi mababu atatu, mumayatsa maola asanu usiku. Amenewo ndi maola 15 okha. Foni imodzi imadya ngati maola atatu a babulo. Onjezanipo wailesi, mupezabe kuti theka simunafikepo. Ndiye batire imadzaza dzuwa lisanafike paliwombo, kontirola, kachipangizo koteteza batire, n'kutseka, kanyali kake n'kusanduka kobiriwira. Kuyambira pamenepo mpaka madzulo zili ngati ndowa yodzaza imene yaiwalidwa pamjigo wina akupopabe. Chonsecho nyumba yoyandikana nanu, mwana wa Sitandade 8 akuwerengera tochi ya mabatire ogula sabata ndi sabata. Ine zimenezi zimandipweteka.

Kugulitsana magetsi si kwachilendo kwa inu. Amene amatchajitsa mafoni pakhonde pake anayamba kale. Anzathu a ku Bangladesh anangopita nazo patsogolo. M'chaka cha 2015, m'boma la Shariatpur, kampani ya SOLshare inalumikiza ndi waya nyumba zokhala ndi sola ndi zina zopanda, nyumba iliyonse n'kuikamo kamita kowerenga magetsi olowa ndi otuluka. Wotsaza amagulitsa, woperewera amagula, ndalama n'kumayenda pafoni monga timachitira pa Mpamba kapena Airtel Money. Kwathu kuno ziliko zoyandikira. Ku Sitolo m'boma la Mchinji kuli sola ya makilowati 80 yopatsa magetsi midzi, ndipo ku Mthembanji ku Dedza ina ya makilowati 12 inayamba mu 2020, nyumba ndi mabizinesi pafupifupi 60 n'kumalipiriratu kudzera m'mamita. Kumeneko wogulitsa ndi mmodzi, koma zaonetsa kuti munthu wakumudzi amalipira magetsi akawaona ntchito yake.

Tsono pamene ambiri amagwa ndi pamtengo. Mumati dzuwa ndi laulere, ndiye mnansi mumangomuuza kuti apereke kangachepe. Dzuwa ndi laulere inde, koma batire si yaulere. Panelo yabwino imatha zaka 20 ikugwirabe ntchito, pamene batire ya asidi imeneyi, ikakhalitsa ndi zaka ziwiri kapena zitatu, ndipo mukamaikama mpaka mababu kuchita kufiira imafa chaka chisanathe. Isamatsike kupitirira theka. Choncho tengani mtengo wa batire yatsopano, muugawe ndi miyezi 24, ndalama imeneyo izilowa kubanki mkhonde mwezi uliwonse musanadyepo kanthu. Ndipo mitengo ikhale iwiri. Magetsi a masana amachokera kupanelo mwachindunji, satopetsa batire, atchipe. A usiku amatuluka m'batire, akwere. Wometa tsitsi, wotchajitsa mafoni, wodzaza nyali zotchaja, onsewa awakokereni masana ndi mtengo wotsikawo. Wogula apulumutsa ndalama, batire yanu ikhalitsa.

Mu Januwale ndi Febuluwale mitambo ikachuluka, zotsala zimachepa. Mugwirizane lero, pamaso pa amfumu, kuti masiku amenewo woyamba kuzimitsidwa ndani ndipo alipira zingati. Zilembedwe m'kope, chifukwa ubale umatha pa zinthu zimene anthu anangouzana pakamwa.

Pa waya ndilankhule mosabisa. Magetsi a mavolti 12 amafooka akayenda mtunda, ndiye musadumphe nyumba zoyandikana nazo. Waya akhale wokhuthala, osati timawaya ta sipika tolumikiza ndi mapepala a shuga. Pafupi ndi batire pakhale fyuzi, ndipo waya asagone paudzu wadenga. Batire ikachita shoti imayatsa moto ngakhale magetsi ake sagwira munthu. Inu amene muli ndi mita ya ESCOM, nkhaniyi sikukukhudzani: kukokera waya kwa mnansi kuchokera pamita imeneyo ndi mlandu. Ndipo gulu likafuna kukula n'kumagulitsa mudzi wonse, liyambe lafika ku MERA, bungwe loona za malamulo a magetsi.

Sabata ino, aliyense wokhala ndi panelo aziyang'ana kontirola yake n'kulemba nthawi imene batire yadzaza, masiku asanu ndi awiri onse. Alembi a komiti atolere mapepalawo, alembenso nyumba zopanda sola zimene zili pafupi ndi iliyonse. Tikadzakumananso tidzayambira pamenepo kuona amene angagawire mnzake. Tsopano mafunso, tiyambe ndi amayi.