Mitembo yoyenda pa kanema, makolo sanakhale chete



Lero ndikambeko za ku Britain. Kumeneko kuli sewero la pa kanema lotchedwa Doctor Who, la mlendo wochokera kudziko lina lakumwamba. Iyeyu lero amapezeka m'tsogolo, mawa m'nthawi ya makolo. A BBC analiyamba mu 1963, nkulisiya mu 1989, nkudzalidzutsanso mu 2005.

Mu April chaka chomwecho anaonetsa gawo lachitatu, momwe mitembo inkadzuka nkumayenda mumzinda wa Cardiff. Inalitu 7 koloko madzulo, ana asanagone. Anthu anagawikana. Makolo ena anadandaula ku BBC kuti zoterezi nzoopsa kwa ana. Ena anati ayi, seweroli linayamba kalekale kuopsa ana, ndipo anawo amakonda zomwezo.

Wolondola ndani, muweruze nokha. Chondigwira mtima ine nchakuti odandaulawo sanangong'ung'udzira m'nyumba, anakauza eni ake.

Nanga ife? Pulogalamu ya ulimi ikamaulutsidwa tili kumunda, kapena nkhani za akuluakulu zikamveka ana ali pomwepo, timangodandaulira pachitsime. Tiyeni tilembe kalata, titchule pulogalamuyo, ola lake ndi chifukwa. Wailesiyi njathu.